Mpope wa Thonje m'Munda wa Mpunga ku Chigwa cha Shire

Munthu woyenda pa mseu wa tsidya la kum'mawa kwa Shire, kuchokera pa Thabwa kulowera ku Fatima, amapyola masikimu awiri aakulu a mpunga wothirira. Yoyamba ndi sikimu ya Nkhate, m'dera la Mfumu Makhuwira m'boma la Chikwawa, imene iri ndi mahekitala oposa 200. Yachiwiri ndi ya Muona, m'dera la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, imene iri ndi mahekitala oposa 400. Kuonjeza pamenepo pali mpunga wambiri wolimidwa m'madimba a m'mphepete mwa dambo la Dabanyi, limene pa mapu limalembedwa Elephant Marsh, ndi m'dambo la Dinde kumwera kwa Nsanje. Mpunga umenewu ndiwo umalipira sukulu ya ana ndi kugula malata a nyumba, ndipo wochuluka umakwera chitunda kukagulitsidwa m'misika ya Blantyre ndi Limbe. Chifukwa chache nkoyenera kufunsa za mankhwala ophera tizirombo amene amathiridwa pa mbeu imeneyi: kodi amachitadi nchito imene mlimi anawagulira, ndipo akatha nchitoyo amapita kuti?

Mbiri ya mpunga m'chigwachi imatsata mbiri ya madzi. Kuyambira 1915 kufikira 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anali atatsika kotero kuti mchenga ndi bango zinatseka pamene Shire amaturukira, ndipo Amang'anja ndi Asena anali kulima thonje ndi chimanga m'kati mweni-mweni mwa madambo. Nyanja itadzaza, madzi anaphwasula chotsekacho, madambo anamira, thonje linasamukira ku mphala kumene limadalira mvula, ndipo mpunga unatenga malo onyowa. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linamanga masikimu othirira m'zigawo zonse zitatu, ena mothandizidwa ndi akatswiri a mpunga ochokera ku Taiwan, ndipo Muona ndi Nkhate ziri m'gulu limenelo. Pambuyo pache, potsata lamulo la ulimi wothirira la 2001, udindo woyendetsa masikimu unaperekedwa kwa mabungwe a alimi eni ache, ndipo ngalande za masikimu awiriwa zinakonzedwanso ndi ndalama za World Bank. Madzi saiwala khwawa. Kusefukira kwa mu January 2015, ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, kunaononga minda ndi ngalande m'chigwa chonse, ndipo mlimi amene wataya mbeu kangapo motere salola kuti kachirombo kamlande zotsala. Akaona tsamba lodyedwa, amathamangira botolo.

Botololo linabwera ndi thonje. Mu 1968 Boma linayamba nchito yotukula ulimi wa thonje m'boma la Chikwawa ndi ngongole ya World Bank, likulu lache ku Ngabu, ndipo alimi analandira mipope ya kumsana ndi mankhwala pa ngongole. Mankhwala a masiku amenewo anali DDT, dimethoate, ndi carbaryl amene alimi anamdziwa ndi dzina la Sevin. Pa thonje chiphunzitsocho chinali choona, pakuti mbozi zoboola zipatso zache zimatha munda wosapopera, ndipo mbadwo wonse unakula ukudziwa kuti mlimi wakhama ndiye wosenza mpope. DDT anachoka m'minda kale-kale, koma chizolowezi chinatsala. M'masitolo a pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mumapezeka cypermethrin, dimethoate ndi anzao, ndipo m'misika ya sabata ena amawagulitsa motsanulira m'timabotolo topanda chizindikiro. Banja lomwe limalima thonje ku mphala ndilo limalimanso chimanga ku dimba ndi mpunga ku sikimu. Mpope ndi umodzi, ndipo mankhwala otsala pa thonje satayidwa.

Chinaonjeza moto ndi mbozi yachilendo yochokera ku America, ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, imene inalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016 ndi kuyamba kwa 2017. Mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi, ndipo Boma linagawa mankhwala kupyolera mwa alangizi kuti chimanga chipulumuke. Kuyambira pamenepo, ngakhale mabanja amene sanalimepo thonje anazolowera kusunga mankhwala m'nyumba.

Adani eni-eni a mpunga

Mlimi wa ku Muona akafunsidwa mdani wamkulu wa mpunga wache, kawiri-kawiri amayamba ndi mbalame, zimene zimasunga ana ndi akazi m'munda kuyambira mbandakucha pamene mpunga wachita mkaka; kenaka makoswe. Mwa tizirombo, todziwika m'minda ya mpunga ya mbali ino ya Africa ndi ntchentche ya maso a pa nyanga, imene akatswiri amaitcha Diopsis, ndi mbozi zoboola phesi. Mphutsi ya ntchentcheyo imapha mtima wa mphukira mpunga ukali wamng'ono. Mbozi zimachititsa ngala zoyera zopanda maso. Palinso nthenda ya chikasu yotchedwa rice yellow mottle, imene inadziwika koyamba ku Kenya pafupi ndi Kisumu mu 1966, ndipo imafala ndi tizikumbu todya masamba ndiponso pokhudzana mbeu yodwala ndi yamoyo.

Pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa mankhwala pa msika sanena. Choyamba, mphutsi ndi mbozi zimenezi zimakhala m'kati mwa phesi, kumene mankhwala ogwira pa khungu ngati cypermethrin safika bwino. Chachiwiri, mpunga ndi mbeu yodzichiritsa yokha ikali yaing'ono: mphukira imodzi ikafa, phata limaturutsa zina, ndipo masamba odyedwa m'masabata oyamba amalowedwa m'malo ndi atsopano popanda kuchepetsa zokolola kweni-kweni. Munda umaoneka moipa, mwini munda mtima umamuwawa, koma matumba pokolola amakhala omwewo. Kupopera kwa nthawi imeneyo kumatha ndalama, ndipo kumapha tizirombo tina timene mlimi sanafune kupha. Zotsatira za kupha kumeneko zinaoneka poyera ku Asia.

Kachirombo kamene kanagwedeza maiko

Ku Asia kuli kachirombo kofiirira kotchedwa brown planthopper, dzina lache la akatswiri Nilaparvata lugens. Nkam'bale wache wa nyenje, koma kutalika kwache sikupyola mamilimita 4, ngati njere ya mpunga yothyoka. Kamakhala pa tsinde pafupi ndi madzi, kamaboola phesi ndi mlomo wonga singano ndi kuyamwa madzi a mbeu. Kakakazi kamaikira mazira mazana angapo m'kati mwa khungu la phesi, ndipo pa nyengo yotentha mbadwo umodzi umatha masabata atatu kapena anai. Tikachuluka, mpunga umasanduka wachikasu, kenaka umauma m'zigawo zozungulira monga ngati wina wayatsapo moto. Timafalitsanso nthenda zopinimbiritsa mpunga. Tina timamera mapiko aatali ndi kuuluka ndi mphepo kuchokera ku Vietnam ndi kumwera kwa China kufikira ku Japan ndi Korea.

Anthu a ku Japan anakadziwa kale. Njala yaikulu ya mu 1732 kumadzulo kwa dziko lao inadza ndi tizirombo ta mtundu umenewu, ndipo alimi a nthawi imeneyo anali kuthira mafuta a anamgumi pa madzi a m'munda ndi kugwedeza mpunga kuti tigwere m'mafutamo. Koma m'maiko otentha ngati Indonesia, Philippines ndi Thailand kachiromboka kanali kopanda mbiri kufikira zaka za m'ma 1960. Mu 1960 kunakhazikitsidwa likulu la kafukufuku wa mpunga la IRRI ku Los Baños m'dziko la Philippines, ndipo mu 1966 linaturutsa mbeu yaifupi yobereka kwambiri yotchedwa IR8. Mbeuyo inapita kwa alimi pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala, madzi othirira analola kubzala kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo maboma anatsitsa mtengo wa mankhwala kuti aliyense apopere. Zokolola zinakwera ndithu. Koma zisanathe zaka khumi, kachirombo kosadziwika kaja kanali katasanduka mdani woyamba wa mpunga m'chigawo chonsecho, ndipo minda imene inapoperedwa kwambiri ndiyo inapsa kwambiri.

Akatswiri, mmodzi mwa iwo Peter Kenmore amene anachita kafukufuku wache ku Philippines, anapeza chifukwa chache. M'munda wa mpunga wosapopera muli khamu la alenje: akangaude oyenda pa madzi ndi otchera ukonde, atombolombo, tizirombo tina toyamwa mazira, ndi timabvu tating'ono kwambiri toikira mazira athu m'mazira a mdaniyo. Alenje amenewa amadya ana a kachiromboka asanakule, kotero kuti mwa mazana oswedwa amatsala owerengeka. Mpope ukadutsa, alenje amafa, pakuti amayenda poyera. Mazira a mdani, obisika m'kati mwa phesi, sakhudzidwa. Ndipo mankhwala ambiri amagwera pa masamba a pamwamba osafika pa tsinde. Patapita sabata mazira aja amaswa m'munda mopanda wowadya. Kangaude amatenga nthawi yaitali kuti achulukenso, pamene mdaniyo amachuluka m'masabata atatu. Choipa china chinapezeka nchakuti mankhwala ena, akafika pa kachiromboka mochepa osakapha, amachititsa kakakazi kuikira mazira ambiri koposa kale. Mlimi poona munda ukuipa amapoperanso, ndipo moto umakula.

Mbeu zopirira zinayesedwa. IR26 inaturuka mu 1973 ndipo inagonjetsedwa patangopita zaka ziwiri kapena zitatu. IR36 inatsatira mu 1976. Dziko la Indonesia, limene linafika podzidyetsa lokha mpunga mu 1984, linaona mliri ukubweranso, ndipo mu November 1986 Pulezidenti Suharto analamula kuti mitundu 57 ya mankhwala isathiridwenso pa mpunga. Pofika 1989 boma linali litaleka kulipirira mtengo wa mankhwala, zimene zinali kudya madola oposa 100 miliyoni pa chaka, ndipo chaka chomwecho, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, kunayamba sukulu za alimi za m'munda, kumene alimi amakumana sabata iriyonse kuwerenga tizirombo toipa ndi tabwino pa mapata a mpunga wao. Kupopera kunachepa ndipo zokolola sizinatsike. Ku Vietnam, m'chigawo cha Long An, mu 1994 kunalengezedwa pa wailesi ndi m'timapepala uthenga umodzi wokha, wakuti mlimi asapopere tizirombo todya masamba m'masiku 40 oyamba, ndipo aliyense wokayika ayese pa chigawo chimodzi cha munda wache. Kupopera m'chigawomo kunatsika ndi pafupi-fupi theka.

Chomvetsa chisoni nchakuti phunzirolo linaiwalika pamene mankhwala otsika mtengo anasefukira m'misika. Mu 2005 mliri unagwa ku China, kachiromboka katazolowera imidacloprid, mankhwala amene anali odalirika koposa. Kuyambira 2009 kufikira 2011 minda ya pakati pa Thailand inapsa nyengo ndi nyengo, kotero kuti mu 2011 akulu a zaulimi a dzikolo anapempha alimi kuti aleke kuthira cypermethrin ndi abamectin pa mpunga. Owerenga aone dzina loyambalo: ndi mankhwala omwe aja a m'botolo la thonje la pa Ngabu.

Chaona mnzako chapita

Kwao kwa brown planthopper ndi ku Asia, ndipo sikali m'gulu la adani a mpunga wa m'chigwa cha Shire. Koma abale ache ali mu Africa muno. Ku West Africa kuli Nilaparvata maeander amene amapezeka pa mpunga. Pa chimanga ndi mapira pali Peregrinus maidis. Ndipo Cicadulina mbila, kachirombo kodumpha ka banja loyandikana, ndiko kamafalitsa nthenda ya mizere yoyera pa masamba a chimanga, imene alimi a m'madimba amaidziwa bwino pa chimanga chobzalidwa mochedwa. Nkhani ya ku Asia ikuphunzitsa kuti kachirombo kamene lero kali kopanda mbiri kangathe kusanduka mliri ngati zinthu zinai zikumana: kutentha, mpunga wosatha m'munda chaka chonse, feteleza wa urea wochuluka amene amafewetsa phesi, ndi kupopera kosalekeza. Kutentha kulipo kale, pakuti m'miyezi ya October ndi November chigwachi chimapyola madigiri 40. Zina zitatuzo ziri m'manja mwa anthu.

Apa ndipo nkhaniyi ikukhudza nchito yaikulu ya Boma yotchedwa Shire Valley Transformation Programme, imene kukumba ngalande yache kunayamba mu 2020. Cholinga chache nkutenga madzi pa Kapichira ndi kuwayendetsa kulowera ku Bangula kuti athirire mahekitala 43,370. Ndi nchito imene chigwa chakhala chikuiyembekeza kuyambira masiku a atsamunda, ndipo idzachotsa njala m'midzi imene m'zaka zoipa imadya nyika za m'dambo. Komabe madzi a chaka chonse amabwera ndi mbeu za chaka chonse, ndipo tizirombo timene kale tinali kufa ndi chirimwe tidzapeza chakudya mwezi uliwonse. Malamulo a World Bank amafuna kuti nchito yotere ikhale ndi dongosolo lolembedwa la kasamalidwe ka tizirombo ndi mankhwala, ndipo dongosololo linalembedwa. Chofunika tsono nchakuti lituruke m'mabuku a ku ofesi ndi kufika m'Chichewa ndi m'Chisena kwa munthu wosenza mpope.

Kumene mankhwala amapita

Mankhwala akathiridwa pa mpunga, ena amaphwanyidwa ndi dzuwa, ena amatsukidwa ndi mvula, ena amagwera m'madzi ndi m'matope, ndipo ena amatsala pa mbeu. Otsalawo ali a mitundu iwiri. Pali okhala kunja, ngati cypermethrin, amene amamatira pa masamba ndi pa mankhusu. Ndipo pali olowa m'kati, ngati dimethoate, imidacloprid ndi carbofuran, amene amayenda ndi madzi a mbeu kufikira ku ngala. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anaonetsa kuti zotsalira zochuluka zimakhala m'mankhusu ndi m'madeya, ndipo chigayo chikapuntha ndi kuyeretsa mpunga chimachotsa gawo lalikulu. Kutsuka ndi kuphika kumachepetsanso. Koma zolowa m'kati mwa njere sizichoka ndi chigayo kapena ndi madzi otsukira. Kupopera koopsa koposa ndi kwa mochedwa, mpunga utamasula kale, pakuti masiku otsala kuti mankhwala aphwanyike amakhala ochepa. Ndicho chifukwa chache pa botolo lirilonse lobvomerezeka pamalembedwa masiku amene ayenera kupita pakati pa kupopera ndi kukolola. Kabotolo ka pa msika kopanda pepala sikanena masiku amenewo, sikanena muyeso, ndiponso sikanena ngati mankhwalawo analoledwa pa mpunga.

Wodya mpunga woyera m'tauni ndiye wotetezedwa koposa onse m'nkhani imeneyi. Madeya amene chigayo chachotsa amapita kwa nkhumba, nkhuku ndi abakha. Mapesi amadyedwa ndi ng'ombe, ndipo Chikwawa ndi Nsanje ndiwo maboma otchuka ndi ng'ombe m'chigawo cha kumwera. Madzi a m'munda amatsikira m'ngalande yotaya, imene anthu a kumunsi amasambamo, kuchapamo ndi kumwetsamo ziweto, ndipo mapeto ache ndi dambo. Mankhwala a banja la cypermethrin amapha nsomba ngakhale ali ochepetsetsa m'madzi, ndipo munthu mmodzi wotsukira mpope m'ngalande angathe kuononga mwa mphindi zochepa koposa amene wapopera munda wonse. Dambo la Dabanyi, kumene David Livingstone anaona njobvu mazana ambiri mu 1859, linalembedwa mu 2017 m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo liri ndi mahekitala oposa 60,000. Njobvu zinatha, koma milamba ndi mphende za m'menemo ndizo ndiwo ndi ndalama za mabanja zikwi zambiri, ndipo zouma zache zimafika m'misika ya kumtunda. Kawiri-kawiri msodzi ndi mlimi wa mpunga ndi munthu mmodzi yemweyo.

Wolandira muyeso waukulu koposa ndi wopopera mwini. M'kutentha kwa m'chigwa nkobvuta kubvala ovolosi, magolovesi ndi nsapato za mphira, ndipo m'munda wa mpunga munthu amayenda wopanda nsapato m'madzi omwe akugweramo mankhwala, thukuta liri thupi lonse. Mankhwala a banja la dimethoate ndi chlorpyrifos amalowa pa khungu. Zizindikiro zache ndi mutu, chizungulire, nseru, malobvu ochuluka ndi kuona mwachimbuuzi; wotere asiye nchito, asambe ndi sopo, ndipo apite ku chipatala atatenga botolo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Mkaka umene ambiri amamwa akatha kupopera suchotsa poizoni. Botolo lotha liyenera kutsukidwa katatu, madzi ache kuthiridwa mu mpope, ndipo liboolewe kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira.

Pali khomo lina limene mankhwala amalowera m'mbale, ndipo ndi lalifupi koposa la kumunda: nkhokwe. Mankhwala a fumbi otetezera dzinthu kwa anankafumbwe, monga Actellic, amathiridwa pa njere zeni-zeni, ndipo anapangidwa kuti akhalitse miyezi. Pa muyeso wolembedwa ndi obvomerezeka. Bvuto limadza pamene mlimi athira, wogula woyamba athiranso, ndi wosunga m'tauni athiranso kachitatu, aliyense osadziwa za mnzache. Kapena pamene wina awaza mankhwala a thonje pa matumba. Mapiritsi oturutsa mpweya wa phosphine ndi a anthu ophunzitsidwa okha, ndipo kuwaika m'matumba a m'nyumba yogonamo kwapha mabanja m'maiko ambiri. Mpunga wosapuntha wouma bwino umadziteteza ndi mankhusu ache, ndipo matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe popanda mankhwala alionse.

Lamulo ndi msika

Dziko lino liri ndi lamulo la mankhwala ophera tizirombo la chaka cha 2000, limene linakonzedwanso mu 2018. Pansi pa lamuloli pali bungwe la Pesticides Control Board, likulu lache ku Bvumbwe, limene limalembetsa mankhwala oyenera kulowa m'dziko, limapereka ziphaso kwa ogulitsa, ndipo liri ndi mphamvu yolanda mankhwala osabvomerezeka. Kuyesa zakudya ndi nchito ya Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972. Lamulo ndi labwino. Kubvuta kwache nkwakuti chigwa cha Shire chazingidwa ndi malire a Mozambique kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo, misika ya sabata ndi yambiri, ndipo oyendera sangakhale pa msika uliwonse. Mafumu ndi makomiti a misika akhoza kuthandiza Boma pofunsa chiphaso kwa aliyense woyala mankhwala pa mphasa.

Maiko ogula zakudya amaika malire a zotsalira zimene amalola, ndipo bungwe la Codex Alimentarius, lokhazikitsidwa mu 1963, limapereka miyeso yotsatidwa ndi maiko ambiri. Malire amenewa amasintha, ndipo akasintha amagwetsa malonda. Mu 2017 maiko a European Union anatsitsa malire a tricyclazole, mankhwala a nthenda ya mpunga, kuchoka pa miligalamu 1 kufika pa 0.01 pa kilogalamu. Muyeso umenewo ndi wofanana ndi galamu imodzi m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Mpunga wonunkhira wa basmati wa ku India wopita ku Ulaya unachepa kwambiri chaka chotsatira, ndipo alimi ndiwo anamva kuwawa. Mu 2020 maiko omwewo analetsa chlorpyrifos, ndipo mu 2025 mankhwalawa analembedwa m'pangano la Stockholm pa mndandanda wa oyenera kuthetsedwa, mndandanda umene endosulfan analowamo mu 2011. Mpunga wa dziko lino uli ndi mbiri yabwino kunja. Kilombero wa ku Karonga anafika m'masitolo ndi m'masukulu a ku Scotland kupyolera mwa bungwe la Just Trading Scotland. Chuma chimodzi cha mpunga wa Malawi pa misika yotere nchakuti wambiri umalimidwa ndi mankhwala ochepa, chinthu chimene alimi a ku Asia akuchifuna ndi ndalama zambiri.

Zimene zinathandiza ku Asia nzosafuna ndalama, koma zimafuna mgwirizano, ndipo sikimu iri ndi mwai umene mlimi wa payekha alibe, pakuti bungwe la alimi ndilo limatsegula ndi kutseka madzi. Bungwe likapangana kuti onse aokere m'masabata awiri kapena atatu omwewo, ndi kusiya nthawi pakati pa mbeu ziwiri pamene m'sikimu mulibe mpunga ngakhale wophukira pa zitsa, tizirombo timasowa mlatho wooloka kuchoka ku mbeu yakale kupita ku yatsopano. Kuokera motalikitsa m'mizere ndi kuumitsa munda masiku angapo, monga alangizi amaphunzitsira m'njira ya SRI, kumalowetsa mphepo ndi dzuwa pa tsinde pamene tizirombo toyamwa timakonda chinyezi. Urea athiridwe mogawa, pa muyeso wa alangizi. Ndipo asanagule botolo, mlimi alowe m'munda m'mawa, aweramitse mapata makumi awiri m'malo osiyana-siyana, amenye pa tsinde ndi dzanja, ndi kuwerenga zimene zagwera pa madzi. Akapeza akangaude pa mapata ambiri, alenje ali pa nchito. Akapeza kachirombo kachilendo kochuluka, akatengere kwa mlangizi m'kabotolo. Malo ofufuzira za ulimi a Kasinthula ali m'boma la Chikwawa lomwelo, a Makhanga ali ku Nsanje, ndipo a mpunga ali ku Lifuwu m'boma la Salima.

Chotsala ndi kalondolondo wa thumba. Mpunga wogulidwa ndi mavenda pa mseu umasakanizidwa, ndipo ukafika ku Limbe palibe angadziwe munda umene unachokera. Ukapezeka ndi zotsalira, mbiri yoipa imagwera chigwa chonse, wosalakwa ndi wolakwa pamodzi. Mpunga wodutsa m'chigayo cha kopaletivi, monga cha alimi a ku Nkhate, uli ndi dzina pa paketi, ndipo kopaletivi ingathe kusunga buku lolembamo dzina la mlimi, mankhwala amene anathira, tsiku lothira ndi tsiku lokolola. Ogula akunja ndi masitolo aakulu a m'tauni amafunsa buku lotere asanasaine pangano, ndipo mlembi wa bungwe amene amalemba kale za msonkho wa madzi angathe kuonjeza mizere inai imeneyi m'kaundula yemweyo.